Mbiri ya Mayeso a Standard 8, ndi Mau kwa Makolo a ku Ngala

Caka ndi caka, mvula ikamakata ndi mpunga ukamaca m'madambo, ana a Standard 8 a m'dziko lonse la Malawi amakhala pansi masiku atatu kulemba mayeso otsiriza sukulu ya pulaimale, amene anthu amawachula mwacidule PSLCE. Masiku atatuwo ndi owerengeka, koma amaweruza nchito ya zaka 8, ndipo kwa ana ambiri ndiwo amanena ngati adzapitirira kuphunzira kapena adzabwerera kumudzi. Ku Ngala, m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Dwangwa m'dziko la Nkhotakota, mlandu uwu uli wolemera koposa, pakuti kumeneko sukulu iri ndi mnzace wolimbana naye, ndiye nyanja, imene imalipira mwana tsiku lomwelo. Cifukwa cace tifuna kulondola kumene mayeso awa anacokera, ndi umo anakulira, kuti makolo a lero aone cimene cinathandiza ana a kale kufika pa khomo limeneli, ndi cimene cinawabweza.

Akasupe awiri

Ngala ali pakati pa malo awiri amene sukulu zinayambira m'mbali zino. Kumpoto kuli Bandawe, kumene a Mishoni ya Livingstonia anasamukira m'caka ca 1881 pocokera ku Cape Maclear, Dr. Robert Laws ali mtsogoleri wao. Atonga anailandira sukulu ndi manja awiri, kotero kuti zisanathe zaka 10 ana a m'sukulu za ku Bandawe anapitirira 1,000. Kumwera kuli mudzi waukuru wa Nkhotakota, umene Azungu ankaulemba Kota Kota. Kumeneko a U.M.C.A., amene anakhazikika pa cisumbu ca Likoma m'caka ca 1885, anatsegula malo ao m'caka ca 1894; ndipo kuyambira 1901 sitima yao Chauncy Maples inkayenda m'madooko kuzonda sukulu za m'midzi.

Koma ku Nkhotakota zinthu sizinayende monga ku Bandawe. Mudziwo unali wa Jumbe, ndipo Cisilamu cinali citazika mizu kale, ndi madarasa ace ophunzitsa ana kuwerenga Korani. Makolo ambiri Acisilamu anaopa kuti mwana akalowa sukulu ya mishoni adzasiya cipembedzo ca kwao, nasunga ana ao kunyumba. Mantha awa anakhala zaka zambiri, nayamba kuzirala makamaka dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964. Apa tiona cinthu coyamba ca mbiri yathu, kuti kuyambira paciyambi pomwe woyamba kuweruza za mwana sanali woyesa mayeso iai, koma kholo lace.

Mayeso oyamba

Sukulu ya kumudzi ya masiku amenewo inali nyumba ya udzu, ndi zipangizo zace zinali bolodi, masileti ndi pepala la zilembo lopacikidwa pa khoma. Mayeso ace sanali a boma. Mmishoni kapena mphunzitsi wamkuru ankafika pa ulendo, pa bwato kapena pa miyendo, naitana ana mmodzi mmodzi, nawawerengetsa, nawafunsa masamu pakamwa. Opambana ankakwera kalasi, ndi ocenjera koposa ankatumizidwa ku sukulu ya pa mishoni kukaphunzira Cingerezi. Pamwamba pa zonse panali Overtoun Institution ku Khondowe, yotsegulidwa m'caka ca 1894, ndi sukulu ya aphunzitsi ya St. Michael's ya a U.M.C.A.

Poyamba amishoni ankakopa ana ndi timphatso; koma zaka za m'ma 1890 zisanathe a Livingstonia anayamba kufuna malipiro, ndipo makolo analipira. Cinasintha nciani? Anthu anaona ndi maso ao kuti mnyamata wodziwa kulemba ndi kuwerengera akapita ku Salisbury, ndiye Harare wa lero, kapena ku migodi ya Johannesburg, amakhala kalaliki kapena kapitao, pamene anzace alikugwira fosholo. Clements Kadalie, wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, anatsiriza maphunziro ace ku Livingstonia, napita kumwera, ndipo m'caka ca 1919 anayambitsa ku Cape Town cigwirizano ca anchito cochedwa I.C.U., cimene cinamveka m'South Africa monse. Kotero kalata ya sukulu inasanduka cuma ca pa banja, angakhale ena a iwo amene anapita nayo anakhala machona osabweranso.

Pali nkhani ina ya masiku omwewo imene iyenera kukumbukika. M'caka ca 1915 ku Chilanga, m'dziko la Kasungu loyandikana ndi lathu, anyamata analikulemba mayeso a uphunzitsi, woyang'anira wao ndiye Mbusa T. Cullen Young. Mnyamata wina wamng'ono msinkhu, wokhala kumbuyo, anaimirira kuti aone mafunso pa bolodi. Woyang'anirayo anayesa kuti alikuonera za mnzace, namturutsa. Mnyamatayo ndiye Kamuzu Banda. Posacedwa anacoka kwao wapansi kunka ku Southern Rhodesia, napitirira ku Johannesburg, ndi pambuyo pace ku America ndi ku Scotland. Awiriwo anakomananso ku Edinburgh, ndipo m'caka ca 1946 anaturutsa pamodzi buku la miyambo ya kuno. Iye zinamthera bwino. Koma tisayese kuti mwana ali yense woturutsidwa m'mayeso adzapeza njira yotere. Phunziro lace ndi lakuti mwana angadziwe mayankho onse, nagwa cifukwa ca kusadziwa malamulo a m'cipinda ca mayeso.

Boma lilowapo

Zaka zambiri Boma la Nyasaland linasiya sukulu m'manja a amishoni. M'caka ca 1907 linayamba kupereka thandizo la £1,000 pa caka, logawana mishoni zonse. M'caka ca 1924 anafika a Phelps-Stokes Commission kudzaona sukulu za dziko lino. M'caka ca 1926 Boma linakhazika Dipatimenti ya Maphunziro, mkuru wace woyamba R. F. Gaunt, ndi m'caka ca 1929 sukulu ya Jeanes inayamba ku Domasi kuphunzitsa oyang'anira sukulu za m'midzi. Pang'ono pang'ono makwerero anakhala amodzi: Sub A, Sub B, ndi Standard 1 kufikira Standard 6. Sukulu zambiri za m'midzi zinkalekeza pansi. Wofuna Standard 6 anayenera kucoka kwao, kukagonera pa mishoni, atasenza ufa ndi nsomba zouma. Ndico cifukwa cace kufikira lero akuru amachula munthu wa Standard 6 yakale ndi ulemu.

Kufikira 1940 munalibe sukulu ya sekondale m'dziko lonse lino. Blantyre Secondary School inakhazikitsidwa caka cimeneco. Zomba Catholic inatsata m'caka ca 1942. Ndi ya Boma ya ku Dedza inatsegulidwa m'caka ca 1951. Apa ndipo mayeso otsiriza pulaimale anasintha khalidwe lace. Kale anali umboni wakuti mwana watsiriza. Tsopano anakhalanso sefa yosankhira owerengeka opita patsogolo. Mmodzi wa opyola pa khomo lopapatizalo ndiye Henry Masauko Chipembere, wobadwa m'caka ca 1930 ku Kayoyo, m'mapiri a Ntchisi amene pa nthawiyo anali m'dziko la Kota Kota. Iye anaphunzira ku Blantyre Secondary, ku Goromonzi ndi ku Fort Hare, nakhala nduna ya maphunziro pa nthawi ya ufulu. Atate wace anali mtumiki wa mpingo wa Anglican. Ana a asodzi ndi asungwana amene anafika kutali kotero anali apatali apatali.

Kuyambira pa ufulu

M'zaka za m'ma 1960 maina a makalasi anasintha, nakhala Standard 1 kufikira Standard 8. M'caka ca 1968 Cicewa cinaikidwa cinenero ca dziko pamodzi ndi Cingerezi. Ana ankaphunzira m'Cicewa zaka 4 zoyamba, ndi kuyambira Standard 5 m'Cingerezi. Kwa mwana wa ku Ngala wolankhula Citonga pakhomo, zinenero zonse ziwiri za mayeso zinakhala zocita kuphunzira. M'caka ca 1969 Nyumba ya Malamulo inakhazika bungwe loyesa mayeso a Form 4 m'dziko momwe muno. Ndipo m'caka ca 1987 bungwelo linaphatikizidwa ndi nthambi ya mayeso ya Unduna wa Maphunziro, nabadwa MANEB, wa ku Zomba, amene akonza mafunso ndi kuconga mayeso a Standard 8.

Masiku a Dr. Banda pulaimale inali yolipira, ndi malo a ku sekondale anali ocepa ndithu. Pamenepo panabuka mwambo wobwereza: mwana wopambana koma wosasankhidwa ankakhalanso mu Standard 8 kawiri, katatu, kapena kupitirira, ena ankasintha dzina, nasamukira kwa atsibweni ao ku sukulu yina, kuti aoneke ngati olemba koyamba. Alipo akuru lero amene dzina la pa kalata zao si dzina limene anapatsidwa pobadwa. Otopa ndi kubwereza ankalowa Malawi Correspondence College, imene inayamba m'caka ca 1965, kuphunzira ndi makalata ndi wailesi.

M'caka ca 1994 Boma la Bakili Muluzi linacotsa malipiro a ku pulaimale. Ana anali ngati 1.9 miliyoni, m'caka cimodzi anafika pafupi 3 miliyoni. Ici cinali cinthu cabwino cacikuru, pakuti mwana wa wosauka analowa. Koma walira mvula walira matope. Aphunzitsi zikwi zambiri analembedwa nchito asanaphunzire uphunzitsi, makalasi anakhala pansi pa mitengo, ndi mphunzitsi mmodzi anaimirira pamaso pa ana oposa 100. M'caka ca 1998 malo ophunzirira ndi makalata aja anasandulika Community Day Secondary Schools, nabwera sekondale pafupi ndi midzi. Za asungwana nazonso zinakonzeka: kuyambira 1993 msungwana wotenga pakati aloledwa kubwerera ku sukulu atacira, lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo m'caka ca 2017 malamulo akuru a dziko anasinthidwa kuti abvomerezane nalo.

Cinkana zitero, khomo lija silinakule molingana ndi khamu. M'zaka za 2022 ndi 2023 ana olemba mayesowa anapitirira 250,000 caka ciri conse, ndi opambana anaposa 80 mwa 100 ali onse; koma m'caka ca 2022 osankhidwa kunka ku sekondale za Boma sanafike theka la opambanawo. Tsono kholo lizindikire kuti kupambana ndi kusankhidwa ndi zinthu ziwiri. Okhoza koposa amapita ku sekondale za dziko lonse, otsatapo ku zogonera ndi zoyendera za m'boma mwao, ena ku Community Day. Otsala amatsala ndi kalata m'manja.

Nyanja ndi kalendala

Tsopano tiyang'ane ku Ngala kweni kweni. Kuyambira 2010 caka ca sukulu cimayamba kawiri kawiri mu September, ndipo m'zaka za 2023 ndi 2024 mayeso analembedwa mu May. Taonani umo nyengo zigwera. Cigawo caciwiri, ca January kufikira March, ndico cimene mphunzitsi afuna kutsiriza maphunziro. Koma ndiyo nthawi ya malungo, ya mitsinje yodzala, ndi ya nkhokwe zopepuka. April ndi May, pamene mwana ayenera kubwereza zonse, ndiyo miyezi yoinga mbalame ku mpunga ndi kuyamba kumweta. Ndipo nyanja siipuma. Usiku wa mdima asodzi amaturuka ndi nyali ndi cilimira kukapha usipa. M'mamawa pa dooko pali ganyu wokoka khoka, wotunga nsomba ndi woyanika pa thandala. Mnyamata wa zaka 13 angabwere kunyumba ndi ndiwo ndi ndalama m'thumba dzuwa lisanakwere, pamene mbale wace wa Form 4 alibe nchito. Sitimnena mwanayo kuti ngwopusa, kapena makolo ace kuti ngoipa. Masamu ao a tsiku limodzi ali oona. Colakwa ciri pa masamu a zaka 30, pakuti nsomba za m'nyanja zirikucepa ndi asodzi alikucuruka, ndipo cambo cimene makolo athu ankadya osawerenga lero ndi ndiwo za olemera.

Zaka zapitazi zatiphunzitsanso kuti masiku a sukulu sali m'manja mwathu. M'caka ca 2020 sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 March cifukwa ca nthenda ya Covid-19, ndi mayeso a Standard 8 anacedwa kufikira kumapeto kwa September. M'miyezi imeneyo asungwana zikwi zambiri m'dziko muno anatenga pakati kapena kukwatiwa. Kumapeto kwa February 2024 madzi anasefukira m'dera la Dwangwa, napasula nyumba, nadula mseu wa M5. Anthu zikwi zambiri anathawira m'misasa, yina ya iyo m'sukulu, patatsala miyezi yosakwana 3 kuti ana alembe. Mwana amene anayamba kukonzeka kale anali ndi potsamira. Woyembekeza mwezi wotsiriza anagwidwa manja ali m'khosi.

Cimene mbiri itiuza

Kuongola mtengo mpoyamba. Mayeso a Standard 8 amafunsa zimene mwana anaphunzira m'makalasi a m'mbuyo, ndipo mapepala ace ali 6: Cingerezi, Cicewa, Masamu, Sayansi, za Cikhalidwe ndi Cipembedzo, ndi za Luso ndi Moyo. Onse, kupatula Cicewa, amalembedwa m'Cingerezi. Cifukwa cace mwana wosamva Cingerezi amagwa m'masamu amene awadziwa, popeza sanamve funso. Kholo lofuna kuthandiza liyambe pamene mwana ali mu Standard 5, limwerengetse mokweza madzulo, lingakhale lokha silimva mauwo. Pakuti khutu limazindikira wowerenga mosadodoma ndi wokakamira pa liu liri lonse.

Inu atate ndi amai, ndi inu atsibweni amene mau anu amveka pa mbumba, simufunika kudziwa kulemba kuti mucite izi. Mmasuleni mwana wa Standard 8 ku nyanja ya usiku ndi ku ganyu wa m'mawa caka cimodzi cokha ici. Nsomba za caka cimeneco mudzaziiwala, koma kalata adzakhala nayo moyo wace wonse. Mpatseni nyali ndi malo acete ola limodzi kapena awiri madzulo, kutali ndi kanema wa pa dooko. Asapite ku sukulu ndi mimba yopanda kanthu, cingakhale cinangwa cophika cokha. Agone m'masikito, ndipo akatentha thupi kapena kukodza magazi mupite naye ku cipatala msanga, pakuti malungo ndi likodzo zimadya masiku ambiri a sukulu m'mbali mwa nyanja. Msungwana asasenze yekha nchito zonse za pakhomo pamene mlongo wace alikuwerenga. Mayeso ao ndi amodzi. Pa nthawi yolembetsa maina mupite nokha kwa mphunzitsi wamkuru, mukaone kuti dzina ndi tsiku lobadwa zalembedwa bwino, popeza colakwa ca pa kalata cimabvuta kukonza. Mayeso oyeserera a m'dera akaturuka, funsani mphunzitsi phunziro limene mwana wafooka; safunsa anadya phula.

Ndipo inu aphunzitsi, kumbukirani mnyamata wa ku Chilanga. Ana adziwiretu kukhala m'cipinda ca mayeso: kulemba nambala yao, kuwerenga malangizo asanayambe, kugawa nthawi, ndi kukweza dzanja pofuna kanthu osaimirira. Za likasa tinene poyera. M'caka ca 2020 mayeso a Form 4 anathetsedwa ali pakati cifukwa mafunso anabedwa, ndipo osalakwa analangika pamodzi ndi olakwa, nalembanso m'caka cotsatira. Wogulira mwana mafunso, kapena womtumira wina kukamlembera, acimwira lamulo la dziko, ndi mwanayo angalandidwe zonse anazilemba. Zithumwa nazo sizinalembepo yankho.

Mafumu ndi akuru a madooko ali ndi mphamvu imene mphunzitsi alibe. Mfumu ikanena kuti mwini cilimira asalembe mwana wa sukulu, ndi kuti kanema asalowetse ana nthawi ya maphunziro, mauwo amagwira koposa cikwapu. A komiti ya sukulu ndi amai a bungwe loyang'anira asungwana ayende m'makomo mwa ana ojomba cigawo caciwiri cisanathe; mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Cotsiriza ndi ca tsiku limene maina aturuka. Taona kuti kuyambira 1940 malo a ku sekondale sanakwanirepo ana onse oyenera. Cifukwa cace mwana wopambana koma wosasankhidwa asanyozedwe ngati waulesi, pakuti kucepa kwa zipinda si mlandu wace. Banja likhale pansi mayeso asanalembedwe, lipangane cocita pa njira zonse: akasankhidwa, ndalama za yunifolomu, makope ndi ulendo zidzacoka kuti, akapanda kusankhidwa, adzabwereza, kapena adzalowa sekondale ya masana yochedwa Open, kapena adzaphunzira nchito ya manja. Ngakhale iye amene adzabwerera ku bwato sanataye zaka zace, pakuti msodzi wodziwa kuwerengera sapusitsidwa pa mtengo wa ndowa ya usipa, ndi mai wodziwa kuwerenga salakwitsa mankhwala a mwana. Makolo athu analipira sukulu ndi nkhuku ndi ufa, natumiza ana ao wapansi ulendo wa masiku kukafuna Standard 6. Ife sukulu iri pafupi ndi khomo; cimene atipempha ana athu ndico nthawi, nyali, cakudya ca m'mawa, ndi kholo lofunsa madzulo kuti lero mwaphunzira ciani.